Khadi Lako la Kubanki ndi Pakamwa Panga

Milange, Lachisanu masana

Olinda mwanangu,

Ndikukulembera ndili pabenchi langa kumsika, pepala ndaliika pamwamba pa mulu wa makapulana, zitenje zimene ndimagulitsazi. Kunyumba sindingathe. Chiyambire Lachitatu anthu sakuleka kubwera kudzatsanzikana nawe, ndikati nditsegule pakamwa wina waodira kale pakhomo. Mawa m'mamawa shapa, minibasi ya ku Mocuba ija, ikutenga, ukachoka apo ndiwe wa ku Beira zaka zitatu zathunthu ku sukulu yokaonjezera maphunziro ako a unamwino, ndiye ndati nkhaniyi isatsalire m'mimba mwanga. Ukhululuke kalembedwe. Ukudziwa kuti amayi ako analekezera kalasi yachinayi, ndipo Chinyanja cholembachi ndinachitolera m'buku la nyimbo za kutchalitchi.

Lamulungu lapitali tikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba unandifunsa funso. Unati, "Mama, khadi la ngongole lija ndamaliza kulipira. Kubanki andipatsa kalata yoti palibe chotsala. Ndilitseke, kapena ndipite nalo ku Beira?" Ine ndinakuyankha zopusa, ndinati kafunse abambo ako. Abambo ako! Munthu amene ndalama zake amazipinda n'kuzilowetsa m'chubu chakale cha njinga, adziwa chiyani za kubanki? Chilungamo chake n'chakuti ndinachita manyazi, chifukwa nkhani ya khadi limeneli ine ndilimo mpaka m'khosi. Lero ndiyankha.

Ndiyambe ndi chimene pamaso sindinanenepo. Wandigometsa, mwana iwe. Zaka ziwiri ndi miyezi ingapo wakhala ukuponda pansi kupita kuchipatala, anzako akudutsa panjinga zahayala atapinda miyendo. Nsapato zako zoyera zija wasoketsa kangati? Wosoka nsapato wa pakona anafika pondiuza kuti, "Amayi, pano palibenso posoka." Masana anzako akugula chipisi, iwe ukutsegula kakontena ka mbatata yophika. Sunapite kwa akatapila kukakumba dzenje lina kuti ukwirire loyamba. Malipiro akangolowa, choyamba chinali kubanki, mwezi ndi mwezi, osadumphitsa, osadandaulira munthu. Ine ndachita geni zaka makumi atatu, ndaona amuna a ndevu zawo akuthawira kutsidya usiku chifukwa cha ngongole yosafika theka la yako. Mtima umenewu sunautenge kwa ine, ndipo kwa abambo ako ndikukayika. Ndimakunyadira, Olinda, ndanena.

Tsopano mvera mmene amayi ako anapusira koyamba. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Makapulana ndinkakatenga kutsidya ku Limbuli, kwa a Dauda, bambo wina wachikulire wa golosale yaikulu. Anali ndi buku lakuda, aliyense wa ife tsamba lake. Umatenga katundu, ukagulitsa ukabweza, iwo n'kulemba. Ndinayenda nawo bwino zaka zitatu. Tsiku lina ndinachedwa sabata imodzi yokha, iwo n'kundikumbutsa pamaso pa amayi anzanga, mwanthabwala ndithu, amvekere, "A ku Milange, mwatiiwala?" Basi, ine moto buu! Sabata yotsatira ndinagulitsa mbuzi, ndinapita n'kuwathira ndalama zonse patebulo, n'kuwauza kuti ang'ambe tsamba langa. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, anati, "Mayi, tsambali silikunenanso kuti muli ndi ngongole. Likunena kuti mumabweza. Lisiyeni." Ine ayi, ng'ambani. Anang'amba n'kundipatsa. Pamlatho wa pamalire ndinaling'ambang'amba n'kulitayira m'madzi, ndipo ndinafika kunyumba ndikudzimva ngati mfumukazi.

Chaka chotsatira a Dauda anamwalira, sitolo anatenga mwana wawo amene sanandionepo. Chaka chomwecho mvula inalowa m'nyumba yathu yakale ija n'kunyowetsa katundu wanga yense. Ndinapita ku Limbuli chimanjamanja, ndinati, "Ine ndinali wa abambo anu." Iye sanachite mwano. Anatsegula buku, anatembenuza tsamba ndi tsamba ine ndikuonerera, kenako anati, "Pepani mayi, dzina lanu mulibe." Ndikanati chiyani? Kuti dzina langa ndinalitaya ndekha mumtsinje? Anzanga amene masamba awo analimo anatenga katundu tsiku lomwelo. Ine ndinatha chaka ndikukazinga mandasi pasiteji ya mashapa, ndipo mabala a mafuta ali pamkonopa umawadziwa. Ndiye Olinda, mbiri yoti munthu uyu amabweza ndi katundu, imatenga zaka kuti ipezeke. Usaitaye chifukwa choti khadilo wakwiya nalo. Mmene a kubanki amasungira mbiri zawo ine sindikudziwa, ukawafunse bwinobwino ngati kutseka kumafufuta kanthu, chifukwa tsiku lina udzafuna kuti akukhulupirire pa chinthu chachikulu, kaya ndi malo omangapo nyumba.

Koma usathamange kunena kuti amayi ati ndilisunge. Dikira umve kupusa kwachiwiri. Nditadzuka mu mandasi muja ndinapeza wina wondikongoza katundu kuno konkuno, ndipo ndinalumbira kuti tsamba langa sindidzang'ambanso. Ndinkabweza msanga mpaka anayamba kunditchula "amayi a mawu amodzi". Disembala wina ndinapita kukalipira komaliza, tsamba loyera mbee. Ndikutuluka, mwini sitolo amvekere, "Mupita manja lende, Khrisimasi ili pafupi? Tengani mitolo itatu, inu sitikukayikani." Sindinkaifuna. Pabenchi panga panali podzaza. Koma mawu aja ananditsekemera, ndipo tsamba loyera limaitana, mwanangu, limachita ngati likukufunsa kuti bwanji ndili chabe. Ndinatenga. Munali makapulana achikasu a zithunzi za nsomba, amene ngakhale wamisala sanawafunse mtengo. Ndinalipira miyezi isanu ndi itatu katundu amene sanagulidwe. Ukafuna umboni, yang'ana makatani a kuchipinda kwako, ndi nsalu ya patebulo, ndi matewera amene anakulira mng'ono wako. Khadi lopanda ngongole m'chikwama nalonso lidzakuitana chimodzimodzi, makamaka ku Beira kumene masitolo ake ndi agalasi lokhalokha.

Chachitatu ndicho chandilemetsa dzanja. Ukuchidziwa, koma sunamvepo ine ndikuchinena ndi pakamwa panga.

Abambo ako atagwa panjinga ndi matumba a chimanga n'kuthyoka m'chiuno, achipatala anati apite ku Quelimane. Galimoto, mankhwala, pogona ine wowadikirira, zonse zinkafuna ndalama, ndipo m'nyumba munalibe. Iwe unali utangoyamba ntchito. Unapita kubanki, ine ndinakuperekeza. Mnyamata wa tayi uja ankayankhula Chipwitikizi chothamanga, ine ndinangotolapo ziwiri: nambala yaikulu ija, ndi mawu oti "ndi yanu". Tikutuluka ndinakufunsa, "Zonsezo n'zako?" Iwe mutu uli kwa abambo ako unangoti, "Ndingathe kuzigwiritsa ntchito, Mama." Ine m'mutu mwanga ndinamaliza ndekha: boma laika ndalama m'khadi la mwana wanga chifukwa ndi namwino. Sindinafunsenso. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli unadya ndiwe.

Abambo ako atachira, Lachitatu lina tinali kumphakati. Ukudziwa mwambo wathu, tikatha kumva Mawu, amene ali ndi chothokoza amaimirira n'kunena chimene Mulungu wamuchitira, osabisa, kuti ena alimbe mtima. Ine ndinaimirira. Ndinathokoza chifukwa cha chiuno cha abambo ako, zinali bwino. Ndikanakhala pansi pomwepo! Koma ayi, ndinapitiriza. Ndinati Mulungu wapatsa mwana wanga khadi, ndipo m'khadimo muli ndalama zakuti, n'kutchula nambala yonse, pang'onopang'ono kuti amve bwino. Nthungululu zinalira. Ine ndinakhala pansi mtima uli m'mwamba. Kumbuyo kwanga kunali alamu anga, akazi a amalume ako a Bonifasiyo, ndipo sanadikire ngakhale nyimbo yotsekera.

Sabata isanathe amalume ako anaitanitsa mbumba yonse kuti tikambe za chiliza cha agogo ako, chimene chinali chitagona zaka zinayi chifukwa chosowa ndalama. Monga mwini mbumba anayamba kugawa: uyu nkhuku ziwiri, uyu ufa, awa nkhuni ndi madzi. Atafika pa iwe anati, "Olinda, simenti yonse, matailosi, wolemba dzina, ndi mbuzi ziwiri. Mulungu wakudalitsa, chibale ndi fupa." Unandiyang'ana. Diso limene lija ndimaliona mpaka lero. Ndipo ine, mayi wako wokubala, ndinakutsina pantchafu n'kukunong'oneza mu Chilomwe kuti ena asamve, ndinati usatichititse manyazi. Unawerama n'kuti, "Ndamva, amalume." Pambuyo pa chiliza panabwera fizi ya msuweni wako, kenako bokosi la maliro a ku Mongue, kenako lina. Bokosi ndani angakane? Onse ankadzera kwa ine, ine n'kuwalozera kwa iwe, ndikuyenda mumsika muno ngati khadilo ndi langa.

Ndinadziwa bwanji? Ndi mwano wanga womwe. Tinkakonzekera ukwati wa kwa aneba, ndinakuona ukupukuta nsapato zosokasoka zija, ndinapsa mtima. Ndinati, "Iwe, kuumira kwanji kumeneku? Ndalama zili phwii m'khadi, ukufuna anthu aziti chiyani?" Sunakweze mawu. Unaika nsapato pansi, unatseka chitseko, unati, "Mama, khalani pansi. Khadi lija ndi buku la a Dauda. Kusiyana kwake n'kwakuti a Dauda sankaonjezera chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi." Ndinakhala pasimenti. Simenti ya chiliza, mbuzi, mabokosi, zonse zinadutsa m'maso mwanga, zonse ngongole, ndipo ikubereka. Ndinakufunsa kuti nanga osandiuza bwanji nthawi yonseyi. Unati, "Munali mutanena kale pamaso pa anthu, Mama. Ndikanati n'zabodza, mukanayenda bwanji kumphakati?" Olinda, unali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Unasenza ngongole kuti amayi ako asagwetse nkhope. Ine pa msinkhu umenewo ndinkang'amba masamba pamlatho.

Ndipo ndivomere kuti kumphakati sindinabwerere kukakonza mawu anga. Ndinkati mawa, ndinkati sabata ya mawa. Amalume ako okha ndinawauza kuti ija ndi ngongole, iwo n'kuseka, amvekere, "Mlongo, ngongole yoti amakupatsa osakufunsa chikole, imeneyo ndi ndalama." Anthu anachepa kubwera chifukwa choti khadi linauma, ngongole itafika pamalire ake, osati chifukwa choti ine ndinawaletsa.

Ndiye funso lako. Ukalisunga, usalisunge mmene lilili. Pita ukawauze atsitse malire ake afike pa ndalama imene malipiro a mwezi umodzi angabweze, poti kusukuluko ndalama zako zichepa. Ufunse kuti amadula zingati pachaka chifukwa chongokhala nalo, akuuze nambala, osati "zochepa". Ngati ndalama imeneyo ikukupweteka, usalipire lendi ya nyumba imene sugonamo. Ukagula nalo kanthu, kakhale koti ukanagula ndi kale, ndipo ubweze zonse mwezi womwewo, osati kachidutswa kamene amakuuza kuti n'kokwanira kaja. Usatapire nalo ndalama pamakina. Nambala yachinsinsi usapatse munthu, ngakhale mnzako wogona naye chipinda chimodzi, ngakhale mnyamata wa ku Beira wonunkhira bwino amene adzakutche "amor" sabata yoyamba. Usaseke, ndikudziwa kuti abwera. Khasu lobwereka silikhala kuthyoka, ndipo likathyoka m'manja mwa wina, wolipira ndi amene analibwereka.

Ukalitseka, ulitseke ngati munthu wamkulu, osati ngati amayi ako pamlatho. Kulidula ndi sizasi si kutseka. Upite wekha kubanki, usaine, akupatse kalata ya chidindo yoti latsekedwa ndipo palibe chotsala, kalatayo uisunge pamodzi ndi masatifiketi ako. Ukatero uyambe kuika kangachepe pambali mwezi uliwonse, chifukwa tisanamizane, khadi limeneli ndi limene linanyamula abambo ako kupita nawo ku Quelimane. Tsoka silinunkha. Ukachotsa chinthu chimene chinakuthandiza pa tsoka, pamalopo pasakhale pululu.

Ukandipanikiza kuti Mama inuyo mukanatani, ndikuuza. Ndikanakhala ndi mtima wakowo, ndikanalisunga, lotsitsidwa malire, lotsekeredwa pansi pa sutikesi, chifukwa Beira n'kutali ndipo kulibe mbale wako kumeneko. Ndikanakhala ndi mtima wangawu, ndikanalitseka lero lomwe dzuwa lisanalowe. Iwe wadzionetsa kale kuti ndiwe wotani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene wamva ululu wa khadi limeneli ndiwe, si ine, si amalume ako. Chimene usankhe ndachivomereza ndisanachimve.

Koma pali china chimene chachitika dzulo, ndipo n'chifukwa chake ndagula pepalali.

Amalume ako anabwera pabenchi pano dzulo m'mawa. Anagwiragwira makapulana, anafunsa za abambo ako, kenako amvekere, "Ndamva kuti Olinda wamaliza kulipira. Ndiye kuti ladzazanso?" Akufuna njinga yamoto yoti mwana wawo azinyamulira anthu kupita kumalire, akuti adzabweza pang'onopang'ono. Ukudziwa kubweza kwa amalume ako. Tsono undifunse kuti anamva kwa ndani. Anamva kwa amayi a benchi loyandikana nalo langa. Nanga iwowo anamva kwa ndani? Kwa ine, Olinda. Lolemba. Chimwemwe chinandisefukira, ndinati ndiuze munthu mmodzi yekha mmene mwana wanga walimbira. Munthu mmodzi yekha! Pambuyo pa zonse zija, pambuyo pokhala pasimenti paja, pakamwa pomwepa panatsegukanso. Ndinadzitukwana tsiku lonse.

Amalume ako anandifunsa kuti, "Ndiye alisunga?" Ine kwa achimwene anga sindinathepo kunama. Anandilera atate athu atamwalira, akandiyang'ana ndimabwerera ku zaka khumi. Ndikanadziwa kuti ulisunga, ndikanawauza, ndipo lero bwenzi ali kunyumba akukudikira ndi mawu okoma. Koma ndinati, "Achimwene, sindikudziwa." Anandiyang'anitsitsa, anabwereza funso mwa njira ina, ine yankho lomwelo. Anaona kuti ndi zoona. Anaimirira pang'ono, anatenga njinga yawo, n'kumapita. Chibadwire changa, aka n'koyamba kuti achoke kwa ine osatenga chimene anadzera.

Ndiye langizo langa lenileni ndi ili, mwanangu, ndipo zina zonse zili pamwambazi ukhoza kuiwala. Kaya ulitseka, kaya ulisunga, usandiuze. Usauze abambo ako, chifukwa iwo amandiuza zonse. Usauze mng'ono wako. Ine kumphakati Lachitatu likubwerali ndikaimirira, ndikanena kuti zimene ndinanena chaka chija zinali zolakwika, kuti ija inali ngongole ndipo mwana wanga waibweza yekha ndi thukuta lake. Imeneyo ndi ntchito yanga, ndachedwa nayo. Koma akandifunsa za mawa, ndikufuna ndiziti sindikudziwa, ndipo zikhale zoona.

Usaganize kuti ndikulemba izi mopepuka. Zikundiwawa. Kuyambira uli kamwana palibe chimene unkandibisira, ngakhale dzino likagwedera woyamba kudziwa ndinali ine. Lero ndikupempha ndekha kuti unditsekere chitseko chimodzi, chifukwa ndaona kuti mphepo imene yakhala ikukuzizira imalowera pa ine. Ndipo ndikudziwa chimene ndikutaya. Magazi angawa amakwera, ukudziwa bwino kuposa ine. Tsiku lina mwina adzakuimbira kuti amayi ako agonekedwa. Tsiku limenelo udzachite chimene mtima wako ndi thumba lako zingathe, ngati mwana, osati chifukwa wina wawerengera khadi lako. Ndili ndi benchi, ndili ndi mbuzi zisanu, ayambe agulitsa zimenezo.

Pita bwino, Olinda. Ukaphunzire mmene walipirira ngongoleyi, ndipo sipadzakhala wokuposa. Ukapeze tchalitchi sabata yoyamba. Ukagule nsapato, chonde, ndi ndalama ya m'manja.

Ndidzakufunsa, ndikudzidziwa. Mwina pa foni yoyamba yomwe, ndidzazungulirazungulira kenako n'kuti, "Nanga kakhadi kaja?" Ndidzanyengerera, ndidzati ndine mayi ako, mwinanso ndidzalira. Usagonje. Udzandifunse za mvula ya kuno, kapena za chiuno cha abambo ako. Ndidzakwiya nawe masiku awiri kapena atatu. Undisiye ndikwiye.

Ndine amayi ako okunyadira,
Anastazia